Mwavulala kuntchito koma mumaopa jakisoni: chitani izi

Munthu amene amaswera akudula zitsulo ndi makina, kapena ali pamwamba pa denga kukhoma malata, palibe angamunene kuti ndi wamantha. Koma munthu yemweyo akadzitema padzanja amang'amba kansanza n'kumanga, pamwamba n'kukulungapo tepi, basi wabwerera pantchito. Mukamufunsa amati, "Aa, n'kakang'ono aka, kapola kokha." Nthawi zina amanenadi zoona. Koma kawirikawiri chimene chamutsekereza njira ya kuchipatala ndi singano. Akudziwa kuti akakafika kumeneko akamubaya wa kafumbata, mwinanso wina wochititsa dzanzi kuti amusoke, ndipo akangoganizako mtima umagunda mothamanga, m'manja thukuta.

Mantha amenewa ndi ofala kuposa mmene anthu amavomerezera. Mu 2019 akatswiri ofufuza awiri, Jennifer McLenon ndi Mary Rogers, anasonkhanitsa zofufuza zambiri za nkhaniyi n'kupeza kuti mwa achinyamata 100 alionse amene afika pauchikulire, pakati pa 20 ndi 30 amaopa singano. Madokotala a za maganizo amawerengera kuopa kwambiri magazi, jakisoni ndi mabala ngati vuto lapalokha lofunika thandizo. Choncho ngati inu muli m'gulu limeneli, musadzione ngati wopepera. Chimene chimandidetsa nkhawa ineyo ndi kubisa. Wamantha amene wanena kuti akuopa, achipatala amadziwa momuthandizira. Wamantha amene wabisa bala lake mu tepi, palibe angamuthandize kufikira dzanja litatupa.

1. Yambani ndi zimene sizifuna singano

Mphindi zoyambirira musaganize n'komwe za chipatala. Zimitsani makina, chokani pamalo angozi, khalani pansi. Tengani nsalu yoyera kapena bandeji ya m'bokosi la chithandizo choyamba, ikani pabalapo, dinikizani mwamphamvu ndipo musasiye kwa mphindi 10. Kusuzumira pafupipafupi kuti muone ngati magazi asiya kumangosokoneza magazi amene ayamba kugwirana. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba osachotsa yoyambayo. Dzanjalo likwezeni lipitirire pachifuwa. Ngati pachala pali mphete, ivuleni tsopano chala chisanatupe.

Magazi akaleka, tsukani balalo ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi zingapo, m'mbali mwake mutsuke ndi sopo. Musathiremo petulo, mafuta a mabuleki, thina wosungunulira penti, phulusa kapena dothi. Zinthu zimenezi zimapha mnofu wabwino ndi kulowetsa zonyansa. Ngati chitsulo, galasi kapena msomali wakhazikika mkati, musazule. Ikani nsalu mozungulira kuti chisagwedezeke, n'kumapita.

Ngati ndinu munthu amene amachita chizungulire akaona magazi, mupempheni mnzanu adinikize, inu mugone chagada n'kuyang'ana kumbali. Pali chenjezo limodzi pano: ngati magazi akutuluka ambiri kapena akuthovoka, chizungulirecho musachiyese cha mantha chabe. Chingakhale cha kutaya magazi, ndipo pamenepo pafunika ambulansi kapena galimoto nthawi yomweyo.

2. Liweruzeni balalo ngati kuti ndi la mnzanu

Mantha amanamiza maso. Bala limene mukanati n'lalikulu likanakhala pa mkono wa wina, pa mkono wanu mumaliona laling'ono. Ndiye dzifunseni kuti, akanakhala mnzanga, ndikanamuuza chiyani? Kapena muonetseni wina amene sakuopani kukuuzani zoona.

Pitani kuchipatala lero lomwe ngati magazi sakuleka mutadinikiza kwa mphindi 10 kapena 15, ngati bala layasama moti milomo yake siikumana yokha, ngati mkati mukuoneka mafuta achikasu, mnofu kapena fupa. Pitaninso ngati chala sichikupindika kapena kuwongoka monga kale, kapena mbali ina yachita dzanzi, chifukwa zimenezi zimasonyeza kuti mtsempha wokoka chala kapena wa kumva waduka, ndipo umenewo sulumikizika wokha. Bala la kumaso, la pa mfundo, la kuphwanyidwa ndi chinthu cholemera, la kulumidwa ndi nyama, ndi lililonse limene mwalowa dothi, ndowe kapena utuchi wosachoka potsuka, onsewa ndi a kuchipatala.

Mabala awiri amapusitsa kwambiri chifukwa kunja amaoneka ngati kadontho. Loyamba ndi la kulasidwa, monga kuponda msomali umene waboola nsapato. Lachiwiri ndi la makina opopera girizi, penti kapena mafuta mwamphamvu. Khungu limangooneka kabowo kakang'ono, mwinanso osawawa poyamba, koma mankhwalawo amakhala atalowa kutali m'kati mwa chala ndi chikhatho, ndipo pasanathe maola ambiri amayamba kupha mnofu. Bala lotero limafuna opaleshoni mwamsanga. Anthu aduka nalo zala chifukwa chodikira kuti aone mawa.

Kusoka kulinso ndi nthawi yake. Madokotala ambiri amafuna kutseka bala la padzanja kapena pamwendo mkati mwa maola 6 mpaka 8, ngakhale kuti la kumaso lingadikire kupitirira apo. Mukachedwa kwambiri, majeremusi amakhala atachulukana ndipo sangangolitseka. Zikatero bala limene likanapola m'masiku 10 limatenga milungu, mukupita ndi kubwerera kukatsukitsa.

3. Dziwani chimene jakisoni wa kafumbata akukutetezani nacho

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa jakisoni ameneyu ndi amene anthu amathawa kwambiri, komanso ndi amene sayenera kumuthawa.

Kafumbata amayamba ndi kachilombo kotchedwa Clostridium tetani. Mbewu zake zimakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo zimatha zaka zili zamoyo. Anthu ambiri amaganiza kuti vuto ndi dzimbiri. Dzimbiri palokha silibweretsa kafumbata. Msomali wadzimbiri ndi woopsa chifukwa wakhalitsa panja m'dothi, ndiponso chifukwa umaboola mozama. Msomali wonyezimira umene unagwera pansi, minga, kachitsotso ka thabwa, waya, ngakhale bala la moto, zonse zingalowetse kachilomboka. Kamakonda malo opanda mpweya, n'chifukwa chake kabala kozama kotsekeka pamwamba n'koopsa kuposa bala lalikulu losazama limene latsukidwa bwino.

Kakalowa, kamatulutsa poizoni amene amayenda m'mitsempha n'kulepheretsa minofu kumasuka. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21, kawirikawiri patatha sabata kapena kupitirira pang'ono, nthawi imene bala lenilenilo mwina laoneka ngati lapola. Munthu amayamba kumva nsagwada kulimba, pakamwa osatseguka bwino, kumeza kuvuta. Kenako khosi, msana ndi mimba zimauma gwa, thupi limayamba kukungika mwadzidzidzi moti msana umapindikira kumbuyo, ndipo phokoso, kuwala kapena kumukhudza chabe kumayambitsa kukungikako. Zonsezi zimachitika munthu ali maso, akumva ululu wonse. Ngakhale kumene kuli zipatala zokhala ndi makina othandiza kupuma, pafupifupi wodwala 1 mwa 10 alionse amamwalira, ndipo kumene kulibe makina otero amafa ochuluka kuposa apo. Amene wapulumuka amagona m'chipatala milungu, diripi ili pamkono, akubayidwa tsiku ndi tsiku. Ndipo kudwala kafumbata sikusiya chitetezo m'thupi: wochirayo amafunikabe katemera.

Katemera wake ndi theka la mililita, amabaya pa mnofu wa pamwamba pa mkono, ndipo zimatha m'masekondi ochepa. Munthu amene analandira katemera wonse ali mwana amafunika wowonjezera pakapita zaka 10. Koma bala likakhala lozama kapena lakuda, ambiri amabaya ngati padutsa zaka 5 chibayireni womaliza. Ngati simunabayitsepo, kapena simukudziwa, kapena munalandira wosakwana maulendo 3, pa bala lakuda angakupatseninso jakisoni wina wa chitetezo chokonzeratu, amene amagwira ntchito nthawi yomweyo podikira kuti thupi lanu lipange chake. Mankhwala akumwa opha majeremusi salowa m'malo mwa katemerayu. Palibe piritsi limene mungagule kuti mumuzembe.

Nkhani yabwino ndi iyi: ngati munabayitsa posachedwapa ndipo muli ndi umboni, mwina simubayidwanso. Musananyamuke fufuzani khadi kapena buku lanu la kuchipatala.

4. Uzani munthu mmodzi, ndipo apite nanu

Nenani za ngoziyo kwa kapitawo kapena kwa amene amayang'anira chitetezo pantchito, ndipo onetsetsani kuti yalembedwa tsiku lomwelo: nthawi, malo, chimene chinakuvulazani, amene anaona. Ambiri amene amaopa jakisoni amabisanso ngozi chifukwa akudziwa kuti akanena atumizidwa kuchipatala. Kenako bala likavuta patapita milungu iwiri, palibe cholembedwa chosonyeza kuti munavulalira pantchito, ndipo nkhani ya chipukuta misozi kapena masiku opuma imavuta.

Sankhani mnzanu wodekha, osati wokonda kuseka anthu. Muuzeni mosabisa: "Achimwene, ine jakisoni amandivuta. Ndiperekezeni, ndipo ndikayamba kunena zobwerera musandilole." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa anthu ambiri amabwerera ali pakhomo pa chipatala, kapena amazemba ali pamzere. Musayendetse galimoto kapena njinga nokha. Ngati bala ndi laling'ono, imwani madzi ndi kudyako kanthu panjira, chifukwa njala ndi ludzu zimafulumizitsa kukomoka. Koma ngati ndi lalikulu moti mwina mulowa m'chipinda cha opaleshoni, musadye kapena kumwa kufikira dokotala atakuonani.

5. Nenani musanakhale pampando

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Namwino sangaone za mumtima mwanu, ndipo munthu wovala ovolosi, wamanja okhakhala, amamuyesa wolimba mtima. Musadikire kuti atsegule paketi ya sirinji. Akangokufunsani chimene chachitika, onjezerani izi: "A nesi, ndinene zoona, ine ndimaopa kwambiri jakisoni. Ndinakomokapo. Ndingagone pabedi pobayapo?" Ngati simunakomokepo koma mumanjenjemera kapena kuchotsa mkono, nenani zimenezo. Kuchotsa mkono singano ili mkati ndi kumene kumavulaza, inu ndi namwino yemwe.

Achipatala amakumana ndi zotere tsiku lililonse, ndipo amakonda wodwala amene wawachenjeza kusiyana ndi amene angogwa pampando mwadzidzidzi n'kumenyetsa mutu pansi. Mukapeza wina wotopa amene wakuyankhani mwachidule, musagwe mphwayi n'kutuluka. Bwerezani pempho lanu modekha. Kugona pobayidwa si chinthu chachikulu chopempha.

Pamenepanso ndi pofunika kunena ngati mankhwala ena anakuwenganipo, ngati muli ndi matenda a shuga, ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi, kapena ngati ndinu woyembekezera.

6. Funsani chimene chichitike, ndi njira zimene zilipo

Mantha amakula pamene simukudziwa. Funsani kuti majakisoni ndi angati, abaya pati, ndipo ayamba ndi uti. Kawirikawiri yankho limakhala locheperapo kusiyana ndi zimene mumaganiza.

Si bala lililonse limafuna ulusi. Laling'ono, loyera, lowongoka, limene silili pamalo opindika, angalitseke ndi timapepala tomata kapena ndi guluu wa kuchipatala, popanda singano n'komwe. Funsani ngati lanu lingatheke choncho. Koma dokotala akati ayi, mumvereni. Bala la pa mfundo kapena lozama likamatidwa pamwamba pokha limayasamanso, ndipo mudzabwerera kudzasokedwa mochedwa. Guluu wa kusitolo musayese kumatira nokha bala lakuda, chifukwa mumatsekera majeremusi mkati.

Zipatala zina zimakhala ndi mankhwala opaka ochititsa dzanzi. Pali othira m'bala lenilenilo, amene amagwira pakapita mphindi 20 mpaka 30, ndipo nthawi zina amakwanira kusokera popanda jakisoni. Pali ena opaka pakhungu losavulala, monga EMLA, amene amafuna pafupifupi ola lathunthu ndipo amathandiza pa jakisoni wa pamkono kapena potenga magazi. Sapezeka paliponse, koma kufunsa sikulakwa. Ngati palibe, kuika chinthu chozizira pamalopo kwa kanthawi musanabayidwe kumachepetsako ululu.

7. Konzekeretsani thupi: pali amantha a mitundu iwiri

Apa ndi pamene malangizo ambiri amasokoneza anthu, chifukwa amauza aliyense kuti "masukani, pumirani m'mwamba." Kwa ena zimenezo zimathandiza. Kwa ena zimangowafulumizitsa kukomoka.

Mtundu woyamba ndi wa anthu okomoka. Thupi lawo limachita zinthu ziwiri motsatizana. Poyamba mtima umathamanga ndipo BP imakwera, monga mmene zimakhalira ndi mantha alionse. Kenako mwadzidzidzi mtima umatsika liwiro, mitsempha ya magazi imatakasuka, BP imagwa, magazi amachepa ku ubongo. Munthu amayamba kuyasamula, amamva kutentha, thukuta lozizira lili kamukamu pamphumi, m'makutu mukulira, nseru, maso n'kuchita mdima kuyambira m'mbali. Milomo imatuwa. Akapanda kugona, amagwa. Izi sizichitika chifukwa chofooka mtima, ndipo simungaziletse pongolimba mtima. Nthawi zambiri zimayenda m'banja.

Kwa anthu otere pali njira imene katswiri wa za maganizo wa ku Sweden, Lars-Göran Öst, anaifotokoza ndi mnzake mu 1987. Mfundo yake ndi yosavuta: minofu ikakungika imafinya mitsempha n'kukweza BP. Mumachita chonchi. Kungani minofu ya miyendo, ya matako ndi ya pamimba mwamphamvu kwa masekondi 10 mpaka 15, kufikira mutamva kutentha kukukwera kumaso. Kenako masulani pang'ono kubwerera mmene munalili, osati kulefukiratu, kwa masekondi 20 mpaka 30. Bwerezani kasanu. Pochita izi musabanike, pumani monga mwa nthawi zonse. Yambani muli pamzere, pitirizani pamene akukonza sirinji, pobaya, ndi mphindi zingapo pambuyo pake. Kupingasa miyendo n'kuifinyitsa pamodzi kumathandizanso.

Mkono umene akubaya ndi chiwalo chimene chavulala zokha ndiye zikhale zomasuka. Mnofu wokungika umawawa kwambiri ukabayidwa. Poyamba zimavuta kukunga miyendo uku mkono uli lende, ndiye yesererani kangapo muli pabenchi. Ngati muli ndi vuto la BP yokwera kapena la mtima, funsani namwino musanayambe.

Mtundu wachiwiri ndi wa anthu amene sakomoka, koma mantha amawakwera mpaka kufuna kuthawa: mtima uli thithithi, kupuma mwabefu, manja akunjenjemera. Awa ndiye ofunika kupuma mofatsa. Ikani dzanja labwino pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani ndi pakamwa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Kutulutsako kukhale kotalika kuposa kukoka. Chitani zimenezi mobwerezabwereza, mapewa ali otsika.

Ngati simukudziwa kuti muli mbali iti, gonani chagada ndi kutsamiritsa miyendo pamwamba pang'ono. Munthu wogona sakomoka kawirikawiri, ndipo ngakhale atakomoka alibe kogwera.

8. Mphindi yeniyeniyo

Gwirizanani ndi namwino zinthu ziwiri asanayambe. Choyamba, mukufuna akuuzeni pamene akubaya kapena ayi? Ena amafuna kumva "ndikubaya tsopano," ena amafuna azingocheza nawo mpaka atamva kuti zatha. Zonse n'zabwino, sankhani yanu. Chachiwiri, gwirizanani chizindikiro, monga kukweza dzanja linalo, choti aime kaye mukathedwa nzeru. Kungodziwa kuti mungathe kuimitsa kumachotsa gawo lalikulu la mantha, ndipo ambiri sakweza n'komwe dzanjalo.

Tembenuzirani nkhope kukhoma kapena kwa mnzanu. Thireyi ya zipangizo musaiyang'ane. Patsani mutu ntchito yeniyeni: werengani chobwerera kuchokera pa 100 mukuchotsa 7, kapena mufotokozereni mnzanu mwatsatanetsatane mmene mumamasulira ndi kumanganso makina amene mumagwiritsa ntchito, bawuti ndi bawuti. Kuonera kanthu pafoni kumathandizanso. Ena amathandizika akakhosomola kamodzi pamene singano ikulowa, koma muuzeni namwino kaye kuti asadzidzimuke.

Ndikuuzeni zoona za mmene zimamvekera, chifukwa kukunamizani kuti sikuwawa n'kukulakwirani. Wa kafumbata mumamva kutsina, kenako kulemera pang'ono mu mnofu, basi. Wochititsa dzanzi, amene nthawi zambiri ndi lidocaine, amaluma ngati njuchi kwa masekondi angapo. Cholumacho makamaka ndi mankhwalawo polowa, chifukwa singano yake ndi yopyapyala kwambiri. Mungapemphe kuti alowetse pang'onopang'ono, popeza kuthamangitsa ndi kumene kumawawitsa. Nthawi zambiri amabayira m'kati mwa milomo ya bala, kumene sikuwawa ngati pakhungu lathunthu, ndipo akabaya kachiwiri amayambira pamene pachita kale dzanzi. Likakhala bala la chala, amabaya patsinde pake mbali ziwiri, chala chonse n'kuchita dzanzi.

Pakapita mphindi zochepa, ululu wa bala lenilenilo, umene mwakhala nawo chivulalireni, umazimiririka. Posoka mumangomva kukoka ndi kukankha. Ngati mukumva kulasa, nenani msanga awonjezere mankhwala. Musapirire mwakachetechete poopa jakisoni wina, chifukwa wowonjezerayo amalowa pamalo amene achita kale dzanzi pang'ono.

9. Musadzuke mothamanga

Ambiri amakomoka zonse zitatha, pamene aimirira mwachangu pofuna kutuluka. Gonanibe mphindi zingapo, khalani tsonga m'mphepete mwa bedi miyendo ili lende, ndipo muimirire mutaona kuti mutu uli bwino. Dikirani pachipatalapo mphindi 15. Pemphani akulembereni tsiku la katemera, ndipo mulijambule pafoni.

Mkono wa katemera umawawa tsiku limodzi kapena awiri. Uyendetseni, musaupachike. Balalo likhale loyera ndi louma, ndipo funsani tsiku lochotsa ulusi: kumaso amachotsa pakapita masiku 5 kapena kuyandikira apo, padzanja ndi pamwendo masiku 7 mpaka 14. Pochotsa ulusi sabaya, amangodula ndi kusolola, choncho musathawe tsiku limenelo. Bwererani msanga ngati kufiira kapena kutupa kukufalikira, ululu ukukula m'malo mochepa, mwatuluka mafinya, thupi latentha, kapena mzere wofiira ukukwera mkono. Nsagwada zikayamba kulimba, thamangani usiku womwewo.

Pamene majakisoni ndi angapo

Pali ngozi ziwiri za kuntchito zimene sizitha ndi jakisoni mmodzi, ndipo n'zimene wamantha amasiyira panjira.

Oyeretsa m'zipatala, otola zinyalala ndi ogwira ntchito zachipatala nthawi zina amalasidwa ndi singano imene yagwiritsidwa kale ntchito. Tsukani ndi sopo ndi madzi, musayamwe, ndipo nenani nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ndi akumwa kwa masiku 28, koma ayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndipo amagwira bwino kwambiri akayambika m'maola oyambirira. Adzafuna kuyeza magazi anu poyamba ndi pambuyo pake, ndiponso angakupatseni katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B. Potenga magazi gwiritsani ntchito njira zomwe zija: gonani, kungani miyendo, yang'anani kumbali.

Ogwira ntchito ndi ziweto, alonda ndi operekera katundu m'makomo amalumidwa ndi agalu. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala. Katemera wa chiwewe amaperekedwa maulendo angapo pa masiku oikika. Nkhani zakale za majakisoni ambirimbiri a pamimba zikuopsezabe anthu, koma katemera wa masiku ano amabayidwa pamkono. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, pafupifupi aliyense amafa, choncho musadumphe ulendo ngakhale umodzi. Lembani masiku onse, ndipo mnzanu uja awadziwenso.

Kwa kapitawo ndi anzake a wovulala

Mukaona munthu akukana kupita kuchipatala ndi bala looneka kuti n'lofunika chipatala, musamufunse pagulu. Mutengereni pambali: "Bambo, kodi ndi jakisoni akukuvutani? Musade nkhawa, tipitira limodzi, tikawauza akugonekeni." Musamuseke, ndipo aletseni ena kumuseka. Nthabwala imodzi ya pa nthawi yopuma imaphunzitsa gulu lonse kuti bala ndi lobisa. Musamugwire mokakamiza pobayidwa, chifukwa kugwiridwa mwamphamvu, makamaka paubwana, ndi kumene kunayambitsa mantha amenewa mwa anthu ambiri. Akakomoka, mugonekeni chagada, kwezani miyendo, masulani kolala. Kawirikawiri amatsitsimuka pasanathe mphindi. Musamuthire madzi m'kamwa asanatsitsimuke bwinobwino.

Bala litapola

Ntchito yanu sinasinthe, ndiye ngozi ina ingadzabwere. Mantha a singano amachizika, ndipo amachizika msanga kuposa mavuto ambiri a maganizo. Njira yake ndi kuzolowera pang'onopang'ono. Lembani zinthu zimene zimakuopsani kuyambira chaching'ono: kuona chithunzi cha sirinji, kuonera vidiyo ya munthu akubayidwa, kugwira sirinji yatsopano ili m'paketi, kuperekeza mnzanu kokabayitsa, mpaka kubayidwa inuyo. Yambani ndi chopepuka, khalani nacho osathawa kufikira mantha atatsika okha, bwerezani masiku angapo, kenako kwerani pa chotsatira. Ngati ndinu wokomoka, phunzirani kaye kukunga minofu kwa sabata, ndipo muzikunga pochita zonsezi. Amene mantha awo ndi aakulu apemphe kuonana ndi katswiri wa za maganizo. Öst yemwe uja anasonyeza kuti anthu ambiri amathandizika ngakhale pa kukumana kumodzi kwa maola mpaka 3.

Yang'ananinso tsiku la katemera wanu wa kafumbata. Ngati zaka 10 zakwana, kapena ngati munangolandira woyamba pa ngoziyi ndipo otsatira akukudikirani, kabayitseni pa tsiku limene mwasankha nokha, mutagona bwino, mutadya, mafuta ochititsa dzanzi mutapaka ola limodzi pasadakhale. Wachiwiri amabwera pakapita milungu 4, wachitatu pakapita miyezi 6 kapena kupitirira chibayireni wachiwiriyo.